Pulofesa Sakuda, Khosi Langa ndi Zigubu za Amayi a ku Barking

Olemekezeka wapampando wa Bungwe la Anamwino la Tigwirane Manja, Mayi Margaret Nkhwazi, pamodzi ndi komiti yanu yonse, inu amene mwakangana zaka zitatu zathunthu za mtundu wa penti wopaka chipinda chino, mpaka mwagwirizana kupaka woyera womwe unalipo kale;

Olemekezeka nthumwi ya ofesi ya kazembe wa dziko lathu, amene mwafika 2 koloko yeniyeni monga munalembedwera m'kalata, osadziwa kuti alembi athu akalemba 2 koloko amatanthauza 4 koloko;

Olemekezeka khansala wa dera lino la Barking, amene sakumva liwu ngakhale limodzi la zimene ndikunenazi koma akumwetulirabe, Mulungu awadalitse;

Olemekezeka abusa ndi ansembe a mipingo yathu yonse, amene lero mwakhala pa benchi imodzi popanda wina kuyesa kutembenuza mnzake;

Olemekezeka Pulofesa Hiromichi Sakuda ndi Mayi Sakuda, eni ake a tsiku la lero, pamodzi ndi Bambo Killian Tembo a ku Chipata amene akuwamasulira, ndipo ndikupempheni bambo Tembo kuti zina muzizidumpha;

Anamwino anzanga, osamalira okalamba, abale athu a ku Zambia, amayi ndi abambo ochokera ku Edmonton, ku Woolwich ndi konse kumene basi imafika, ndi inu ana athu amene tikakufunsani m'Chichewa mumatiyankha m'Chingerezi ngati tikukuzengani mlandu: ndikupereka moni kwa nonse.

Dzina langa ndine Bessie Kalonga, namwino wopuma pantchito. Mayi wapampando atandiimbira foni kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka, ndinawafunsa kuti, “Kodi olemekezeka enieni akana onse?” Iwo anati, “Ayi amayi, tikufuna munthu amene a Pulofesa anamugwirapo pakhosi.” Ndiye ndi ine pano. Andipatsa mphindi khumi. Amene munagwirapo nane ntchito mukudziwa kuti mphindi khumi za Bessie zimatha mpunga utazizira.

Ndiyambe ndi munthu amene dzina la banja lake lalembedwa pa chitseko chija. A Pulofesa Sakuda anabadwira m'mudzi wa asodzi kumpoto kwa dziko la Japan, anaphunzira udokotala kwawo komweko, ndipo kwa zaka zoposa makumi anayi akhala akulimbana ndi chinthu chimodzi chokha: mahomoni. Kwa inu amene si achipatala, mahomoni ndi amithenga a m'thupi. Ndi timadzi tochepetsetsa toyenda m'magazi, touza mtima kuti uthamange kapena udekhe, touza thupi kuti linenepe kapena liwonde, touza chiberekero kuti chisunge mimba kapena chiitaye. Mwa amithenga onsewa, iwo anasankha a chithokomiro, kachiwalo kali pakhosi apa, kooneka ngati gulugufe. Gwirani pakhosi panu. Abusa, panu, osati pa mnzanu.

Ali dokotala wachinyamata anayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kwawoko, kuyeza asodzi amene makosi awo ankatupa chifukwa chodya kwambiri ndiwo za m'nyanja zodzaza ndi ayodini. Ine nditamva zimenezi ndinaseka. Kwathu ku Ntcheu azakhali anga anatupa khosi chifukwa chosowa ayodini yemweyo. Kwawo akudwala ndi kukhuta, kwathu tikudwala ndi njala, khosi n'kumatupa chimodzimodzi. Atabwera ku London kuno m'chaka cha 1988, anakhazikika pa chipatala chachikulu chija cha kumpoto kumene ambiri a ife tathera mawondo. Alemba mapepala a kafukufuku oposa zana limodzi, aphunzitsa madokotala amene lero ndi akuluakulu m'mayiko osiyanasiyana, ndipo anathandiza kukonza njira yoyezera mahomoni ndi magazi ochepa kwambiri, kuti wodwala asamatuluke m'chipinda atapopedwa ngati thumba la madzi.

Zonsezi zili m'kabuku kamene mwapatsidwa pakhomo, kamene ambiri mukudzikupizira nako. Zimene mulibe m'kabukumo ndi izi. Ife anamwino a ku Malawi sitinkawatchula kuti a Sakuda. Tinkati a Sakudya. Zaka zonse zija palibe anawaonapo ku kantini. M'mawa kapu ya tiyi wobiriwira wopanda shuga, masana kapu ina, basi. Bambo Tembo, chimenecho masulirani, akuchidziwa kale.

Tsopano ndinene za ine.

M'chaka cha 2001 ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndili sisitala wa wodi ya amayi, ndili ndi thupi langa labwino lomwe amuna anga, a Fidelis akhala kutsogoloku, anandikondera. Ndiye ndinayamba kuwonda. Osati kuwonda kofuna, kumene atsikana amadzizunza nako ndi masamba osaphika. Ndinkadya ngati munthu wochokera kumunda, mbale ziwiri, ndikatha n'kumasuzumira m'mbale ya ana, koma yunifolomu inkangokulirakulira. M'miyezi isanu ndinataya makilogalamu khumi ndi asanu ndi atatu. M'nyengo yozizira, anzanga atavala majekete awiriawiri, ine ndinkatsegula zenera la basi thukuta lili kamukamu, azungu n'kumandiyang'ana ngati ndawatukwana. Mtima unkagunda ngati wina akusinja m'chifuwa. Maso anatong'oka. Ndipo ukali! Mwana wanga Taonga anangoika supuni molakwika, ndinamulalatira mpaka aneba anagogoda khoma.

Inu mukudziwa zimene anthu athu ankaganiza masiku amenewo munthu akayamba kuwonda. Musayang'ane pansi, ena mwa inu munalipo. Kutchalitchi ndikalowa, nkhani zinkaduka. Pa mwambo wina wa chinkhoswe ku Woolwich ndinaona ndi maso anga otong'okawo mayi wina akuika pambali kapu yomwe ndinamwera. Palibe anabwera kudzandifunsa kuti, “Bessie, ukumva bwanji?” Onse ankafunsana okhaokha.

Kunyumba ndiko kunali moto. Chaka cham'mbuyo a Fidelis anali atapita kumudzi ku maliro a bambo awo n'kukhalako miyezi itatu. Ine ndinawerengera miyezi ija, ndinaweruza mlandu ndekha, ndinawapeza olakwa. Tsiku lina Lamlungu masana, ana atapita kukasewera, ndinawaimika kukhitchini.

“Abambo a Taonga, mundiuze zoona. Kumudzi kuja munkalira maliro okha?”

Anandiyang'ana, nati, “Amayi a Taonga, ine ndimafuna kukufunsani inu funso ngati lomwelo, koma ndimaopa mpeni uli m'manja mwanuwo.”

Mukuseka, koma tsiku limenelo panalibe woseka. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za banja, tinayamba kudutsana m'nyumba ngati anthu ochita lendi. Iwo anasamukira pa sofa. Ndipo nayi nkhani yochititsa manyazi: ine namwino, amene ndinkauza odwala tsiku ndi tsiku kuti kayezetseni, ndinakana kukayezetsa. Ndinkaopa. Ndinkati bola kufa osadziwa.

Kuntchito nako zinafika poipa. Manja ankanjenjemera moti ndinalephera kubaya jakisoni mayi wina kawiri konse. Bwana wa wodi anandiitanira mu ofesi, natseka chitseko, nandifunsa mwaulemu wa chizungu uja, wokupha ukumwetulira, ngati ndayamba kumwa mowa. Ine, mlembi wa chigwirizano cha amayi! Anandipatsa milungu iwiri kuti ndibweretse kalata ya dokotala, apo ayi andichotse pa odwala.

Mlungu womwewo, Lachiwiri, a Pulofesa anabwera pa wodi yathu kudzaona wodwala wina. Ndinawapatsa failo. Failo inkavina m'manja mwanga. Iwo sanailandire. Anangoima, manja kumbuyo, akuyang'ana khosi langa mosaphethira. Ndinati mumtima, kabambo aka kali ndi mkazi koma?

“Sisitala,” anatero, “tambasulani manja.”

“Ndili pantchito, a dokotala.”

“Inenso ndili pantchito. Tambasulani manja.”

Ndinatambasula. Anang'amba pepala m'kabuku kawo, nalisanjika pa zala zanga, pepala lija linayamba kunjenjemera ngati tsamba. Anandigwira pamkono, akuyang'ana wotchi. Kenaka anatunga madzi m'kapu ya wodwala wa eni ake, nati, “Imwani, mumeze pang'onopang'ono.” Ndikumeza, iwo anawerama n'kumayang'ana pakhosi, odwala onse a mu wodi atadzuka kuonerera.

“Mumadya?”

“Kuposa inu,” ndinatero.

“Zimenezo n'zosavuta. Mumagona?”

“Ayi.”

“Mumakalipira anthu?”

“Ndatsala pang'ono kuyamba ndi inu.”

Anagwedeza mutu ngati ndawapatsa mphatso. “Lachinayi 9 koloko, ku kiliniki kwanga.”

Ndinawakokera pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatulutsa pakamwa chimene ndinali nditachisunga miyezi isanu. Ndinati, “A dokotala, musataye nthawi yanu. Ine ndikudziwa chimene chikundidya. Ndi kachilombo.”

Anafunsa kuti, “Munayezetsa?”

“Ayi.”

“Ndiye simukudziwa, mukungoopa. Tiyeza zonse ziwiri. Ngati mwalondola ndinu, ndikuperekezani ndekha kwa mnzanga wa pansi apa, ali ndi mankhwala abwino ndipo mukhala ndi moyo. Ngati ndalondola ndine, mudzasiya kundikalipira.”

Lachinayi sindinapite. Ndinadzipatsa shifiti ina dala. Lachisanu m'mawa ndikutuluka mu lifiti, ndinawapeza ataima pakhomo la wodi, m'manja muli timabotolo tiwiri ndi jakisoni. Sanandipatse moni. Anangoti, “Mkono.” Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Wanga anabwera ndi singano.

Zotsatira zinatuluka patapita masiku anayi. Kachilombo kanalibe. Chinali chithokomiro, chitapenga, chikutulutsa mahomoni ochuluka kuwirikiza kanayi kuposa oyenera. Thupi langa linali ngati galimoto yoimika pamalo amodzi wina ataponda mafuta mpaka pansi. A Pulofesa anandiuza mosabisa kuti ndikanapitiriza chonchi chaka china, mtima ukanatopa.

Ndipo pano ndiime kaye, chifukwa sindikufuna wina atuluke muno akunena kuti Bessie anapulumuka manyazi. Kukanakhala kachilombo, manyazi akanakhalabe a iwo amene anaika kapu yanga pambali, osati anga. Muno muli abale athu amene akumwa mankhwala awo mokhulupirika, akugwira ntchito, akulera ana. Amenewo ndi olimba mtima kuposa mmene ndinalili ine. Eya, pamenepo ombani m'manja.

Ndinafika kunyumba ndi pepala la zotsatira, ndinaliika pa sofa, pa pilo wa amuna anga. A Fidelis analiwerenga kawiri. Kenaka anapisa m'thumba la jekete, natulutsa pepala lawo lopindapinda. Kani iwo anali atakayezetsa kale mwakachetechete miyezi iwiri m'mbuyomo, anapezeka alibe, ndiye ankangokhala nalo m'thumba.

“Bwanji simunandionetse?” ndinafunsa.

Anati, “Ndikanakuonetsani, zikanatanthauza kuti ndikukulozani chala inuyo. Ndinati ndingokhala pano, zikafika poipa ndikusamaleni.”

Miyezi iwiri bamboyu ankaganiza kuti mkazi wake anamuchimwira ndipo akufa, koma sanachoke. Ankagona pa sofa yothyoka, akuphikira ana, akudikira kudzandisambitsa. A Fidelis, musabise nkhope. Imirirani anthu akuoneni. Basi, khalani pansi, musazolowere.

A Pulofesa anandiyamba ndi mapiritsi, kenaka anandimwetsa mankhwala aja a ayodini wa mphamvu yowotcha chithokomiro. Mankhwala amenewo ukamwa, amakulamula kuti masiku angapo usagone pafupi ndi munthu. Ndiye tangoganizani: tangogwirizana kumene, bambo anyamula pilo wawo kubwerera kuchipinda akuimba nyimbo, a Pulofesa n'kunena kuti, “Bambo Kalonga, pa sofa.” Mpaka lero amuna anga amawalemekeza a Pulofesa, koma sanawakhululukire.

Nditachira, thupi litabwerera, ntchito itakhazikika, ndinapita kukathokoza a Pulofesa. Ndinanyamula nsalu yokongola ya akazi awo. Analandira, nawerama monga amachitira kwawo, kenaka anati, “Sisitala Bessie, ndikufuna mkodzo.”

Ndinati, “Pepani, sindinamve.”

“Mkodzo. Wa amayi mazana awiri.”

Anandikhazika pansi nandifotokozera. Kwathu mchere wa m'sitolo amauthira ayodini. Kuno mchere wambiri alibe, anthu a kuno amapeza ayodini mu mkaka ndi nsomba. Iwo ankakayikira kuti amayi ochokera ku Africa, amene ambiri sitimwa mkaka kwenikweni, tikhoza kukhala tikuperewera, makamaka oyembekezera, ndiponso kuti ambiri akuyenda ndi matenda a chithokomiro osadziwa. M'mabuku awo munali za azungu, za anthu a kwawo, koma za ife munalibe. Kuti adziwe, pankafunika magazi pang'ono ndi mkodzo wonse wa tsiku lathunthu, m'chigubu. Anali atapachika zikalata m'makoma a chipatala chaka chonse. Anabwera amayi asanu ndi awiri. Akuluakulu a kafukufuku anali atawauza kuti ikatha miyezi inayi osapeza anthu, ntchitoyo itsekedwa.

Ndinati, “A Pulofesa, inu mukufuna mayi wa ku Malawi apereke magazi ake ndi mkodzo wake kwa mwamuna wachilendo, alembetsenso dzina ndi adiresi? Ena aganiza za anamapopa, ena za ufiti, ena aganiza kuti mndandandawo ukupita kwa a zolowa ndi kutuluka m'dziko.”

Anati, “N'chifukwa chake ndikufuna munthu waukali.”

Ndinayamba ndi kutchalitchi kwathu konkuno ku Barking. Itatha misonkhano ya amayi ndinaimirira ndi chigubu m'manja, ndinafotokoza zonse. Kenaka anadzuka Mayi Winfrida Mwale a ku Lusaka, ali apo avala duku lofiira, ndipo ndawapempha chilolezo chonena izi. Iwowa ndi amene anaika kapu yanga pambali ku Woolwich kuja. Anati:

“Ba Bessie, ise sitikana. Koma uyo mudala wa ku Japan afuna kucita nayo cani mikozo yathu? Ngati ni business, atiuze cabe, tigawane.”

Amayi onse anafa nacho chiseko, ndipo tsiku limenelo ndinabwerera ndi zigubu zanga zonse makumi awiri, zopanda kanthu. Lamlungu lotsatira chimodzimodzi. Ku Edmonton anandipatsa tiyi, nandipempherera, nandiperekeza ku basi. Mwezi unatha ndili ndi mayina anayi, awiri mwa iwo azilamu anga amene sakanatha kukana.

Ndinakauza a Pulofesa kuti zakanika. Iwo anafunsa kuti, “Mapemphero amayamba nthawi yanji?”

Lamlungu limenelo anatulukira, atavala suti yakuda, anakhala kutsogolo maola atatu athunthu a mapemphero athu, akuimirira tikaimirira, akuomba m'manja mosemphana ndi ng'oma. Titatha anapempha kuyankhula ndi amayi, ine ndikumasulira. Sananene za mabuku awo kapena za maudindo awo. Anavula jekete, anapinda mkono wa shati, nandipatsa jakisoni kuti ndiwatenge magazi pamaso pa onse. Kenaka anatsegula chikwama natulutsa chigubu chodzaza, chawo, cha dzulo lake, chomwe anakwera nacho sitima ya District kuchokera kwawo, nachiika pa tebulo la zolengeza. Abusa athu a nthawi imeneyo anatseka maso ngati akupemphera. Ndipo a Pulofesa ananena mawu oyamba a Chichewa amene ndinawaphunzitsa:

“Amayi, mkodzo, chonde.”

Holo inagwa ndi chiseko. Amayi ena anagwira m'mimba, ena misozi. Koma chiseko chitatha, Mayi Winfrida sanaseke. A Pulofesa anali atafotokoza kuti chithokomiro chikhozanso kuchita ulesi m'malo mopenga: munthu amatopa, amanenepa, amamva kuzizira, tsitsi limathothoka, ndipo nthawi zina mimba zimangochoka. Anthu akutuluka, Mayi Winfrida ananditsatira mpaka poimika magalimoto. Anandigwira dzanja, dzanja lomwe lija ndinamwera nalo kapu ija, nati chapansipansi:

“Ba Bessie, nataya mamimba yatatu. Apongozi banga bakamba ati nine mfiti, nidya bana banga. Nipaseni cigubu.”

Ndinawapatsa. Ndipo popeza Mayi Winfrida akachita chinthu Barking yense amamva, mlungu wotsatira zigubu zinandithera.

Miyezi itatu imeneyo sindidzaiwala. Amayi ankakwera mabasi ndi sitima za mu London muno, aliyense ndi chikwama cha msika, m'katimo muli katundu wa a Pulofesa. Wina anaiwala chake mu sitima ya c2c, chinapita mpaka kunyanja. Wina mwamuna wake anachipeza mu fuliji n'kuyesa juwisi wa maapozi. Sinditchula dzina, koma bamboyo ali muno, ndipo anangonunkhiza, sanamwe, atero iwowo. Pomaliza tinapeza amayi mazana awiri ndi khumi ndi anayi.

Zimene anapeza n'zimene zatisonkhanitsa lero. Ambiri mwa ife ayodini anali wochepa, makamaka oyembekezera. Amayi khumi ndi asanu ndi anayi anapezeka ndi matenda a chithokomiro omwe sankawadziwa, ndipo onse anayamba kulandira chithandizo. A Pulofesa analemba zonsezi m'magazini a madokotala, anakazifotokoza m'misonkhano, ndipo pa kiliniki ya amayi oyembekezera ya chipatala chathu anayamba kufunsa amayi za zakudya zawo ndi kuwagwira pakhosi, osangoti kuyeza mimba basi. Kumapeto kwa pepala lawo lalikulu analemba kuthokoza amayi a mipingo ya ku Barking, Edmonton ndi Woolwich. Amayi, tinalowa m'mabuku a sayansi. Ena amalowamo ndi ubongo, ife tinalowera khomo lina, koma tinalowa.

Mayi Winfrida anali mmodzi wa khumi ndi asanu ndi anayi aja. Kapiritsi kamodzi m'mawa uliwonse. M'chaka cha 2004 anabereka mwana wamkazi wa makilogalamu anayi, ndipo apongozi aja anakwera ndege kuchokera ku Lusaka kudzamunyamula, osatchulanso za ufiti.

Olemekezeka nonse, mwezi wamawa a Pulofesa akupuma pantchito ndipo akubwerera kwawo. Asananyamuke aphunzitsa anamwino athu asanu ndi mmodzi, Loweruka lililonse kwa chaka chathunthu, mmene angaonere zizindikiro, mmene angayezere shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndi mmene angalembere kalata yoti dokotala wa munthu asaitaye m'dengu. Chipinda chino chizitsegulidwa Loweruka lililonse. Muno mudzayankhula Chichewa, Chinyanja, Chitumbuka, ngakhale Chingerezi chanu chothyokacho. Abambo, inunso muli ndi makosi. Musadikire kuti akazi anu akunyamuleni.

Ndatsala ndi chinthu chimodzi, ndipo ichi bambo Tembo musamasulire, chifukwa eni ake akuchidziwa kuposa ine. Anandilola dzulo kuti ndichinene.

Kafukufuku atatha ndinawafunsa kuti, “A Pulofesa, tsiku lija ndinakuthawani. Madokotala ena akanangoti zake zimenezo. Inu munandidikirira pa lifiti chifukwa chiyani?”

Anazunguza kapu yawo. Kenaka anandiuza kuti anali ndi mlongo wawo wamkulu, dzina lake Sumie. Iwo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, mlongoyo anayamba kuwonda, kunjenjemera, kulalata, maso kutong'oka. M'mudzi anati wapenga. Banja lomwe linkafuna kumukwatira linabweza mawu. Makolo, pochita manyazi, anamutsekera m'chipinda cha kuseri kuti alendo asamuone. Anamwalira ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ali m'kalasi ku sukulu ya udokotala, mphunzitsi anaonetsa chithunzi cha wodwala chithokomiro, nanena kuti matendawa ali ndi mankhwala. A Pulofesa anatuluka m'kalasimo, anakakhala pa masitepe mpaka madzulo.

Anandiuza kuti, “Tonse m'nyumba muja tinkamuona tsiku ndi tsiku. Inenso ndinkamupititsira chakudya. Palibe mmodzi anamufunsa kuti akumva bwanji.”

Komiti itawauza kuti chipinda chino chitchedwa dzina lawo, anakana katatu. Pomaliza anavomera, koma anapempha chinthu chimodzi. Mukamatuluka muyang'anitsitse pa chitseko. Sipanalembedwe kuti Pulofesa, sipanalembedwe kuti Hiromichi. Palembedwa kuti Chipinda cha Zaumoyo cha Sumie Sakuda.

Ndikupempha tonse tiimirire.

A Pulofesa, mwatumikira anthu a kwanu, mwatumikira anthu a dziko lino, ndipo mwatumikira ife amene sitinali m'mabuku a wina aliyense. Pitani bwino, mukafike bwino. Mlongo wanu tikhala naye ife kuno, ndipo chitseko chake sichidzatsekeredwa munthu.

Tsono ndi ulemu wonse, m'malo mwa Bungwe la Tigwirane Manja ndi amayi mazana awiri ndi khumi ndi anayi aja, lero Loweruka pa 14 June 2008, ine Bessie Kalonga ndikulengeza kuti Chipinda cha Zaumoyo cha Sumie Sakuda chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.